CHENJERANI NDI OGULA ACHINYENGO PA OKUSHONI YA PA INTANETI

Alimi a fodya akudziwa bwino chimene okushoni iri. Ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu mabelo amandandalikidwa pamizere, ogula amayenda natchula mitengo, ndipo amene watchula mtengo woposa anzache ndiye atenga belo. Kumeneko wogula ali yense ndi wodziwika, ndipo ndarama za mlimi zimadzera ku banki.

Masiku ano kuli okushoni ya mtundu wina, imene ichitikira pa intaneti. Munthu ajambula chithunzi cha katundu wache, alemba mtengo woyambira, ndipo anthu a m'mizinda yakutali apikisana mitengo kwa masiku owerengeka. Nthawi ikatha, wopambana alipira ndipo mwini katundu atumiza phukusi papositi. Msika wotchuka wa mtundu umenewu ndi eBay, umene Pierre Omidyar anauyamba ku California m'chaka cha 1995. Ku South Africa kuli wina umene unayamba mu 1999 ndi dzina la bidorbuy, ndipo tsopano utchedwa Bob Shop. Abale athu ambiri amene ali pa nchito ku Johannesburg, ku London ndi kwina amagulitsa malamya, zobvala ndi ziboliboli m'misika yotere, ndipo ndarama zina zimene amatumiza kuno kumudzi zimachokera kumeneko.

Anthu ambiri amaganiza kuti pa msika wotere wobedwa ndi wogula yekha. Ai, si choncho. Wogulitsanso amabedwa, ndipo kawirikawiri amataya zonse ziwiri, katundu ndi ndarama zomwe. Chifukwa chache ndi ichi: eni misika imeneyi afuna kuti ogula asamaope kugula kwa mlendo, motero malamulo ao amatchinjiriza kwambiri wogula. Pa eBay wogula ali ndi masiku 30 oti adandaule kuti katundu sanafike kapena kuti si amene anamuona pachithunzi. Wolipira kudzera ku PayPal ali ndi masiku 180 oti adandaule kuti katundu sanafike. Malamulo amenewa ndi abwino kwa anthu oona mtima, koma atambwali nawo anawaphunzira. Tsono tiyeni tione njira zao imodzi imodzi.

KALATA YONAMA YA MALIPIRO

Njira yoyamba ndi yakale koposa. Okushoni ikatha, wogulitsa alandira kalata ya imelo yooneka ngati yachokera kwa eni msika kapena ku banki, yonena kuti ndarama zalowa, kapena kuti azisunga kufikira katundu atatumizidwa. Kalatayo iri ndi chizindikiro cha kampani ndi chilankhulo cha muofesi, koma wailemba ndi wakubayo. Munthu akaikhulupirira natumiza phukusi, basi katundu wapita.

Mankhwala ache ndi apafupi. Musakhulupirire kalata ai. Lowani nokha mu akaunti yanu, osadzera pa njira imene kalatayo yakulozerani, ndipo muone ndi maso anu ngati ndarama zirimo. Ngati mulibe, phukusi likhale m'nyumba.

KULIPIRA MOPITIRIRA

Tiyerekeze kuti mwagulitsa lamya pa mapaundi 200. Wogula atumiza cheke cha mapaundi 700, napepesa kuti walakwitsa polemba, kapena anena kuti zotsalazo ndi za munthu wodzanyamula katundu. Akupemphani kuti mumbwezere mapaundi 500 msanga, ndipo mwina ati mutengepo pang'ono chifukwa cha bvuto limene wakupatsani. Apa mukumbukire mau a akuru akuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Banki ikhoza kuonetsa ndarama mu akaunti yanu isanatsimikize ngati chekecho ndi choona. Patapita masiku chipezeka kuti ndi chabodza, banki ichotsa mapaundi 700 onse, koma 500 amene munabweza anali anuanu, ndipo lamya inapita kale. Munthu woona mtima salipira koposa mtengo umene mwapangana. Wotero mkanireni ndi ulemu, ndipo musabweze kanthu.

"KATUNDU SANAFIKE"

Wina amalipira bwinobwino, nalandira phukusi, kenaka nkudandaula kuti silinafike. Ngati wogulitsa alibe umboni, eni msika abweza ndarama kwa wogula, nazichotsa kwa wogulitsa. Chifukwa cha ichi musatumize katundu wa mtengo pa njira yotsika mtengo yopanda nambala. Tumizani pa njira imene phukusi lipatsidwa nambala yolondolera, ndipo nambalayo muilembe pa tsamba la malondawo. Pa katundu wa madola 750 kapena kuposa, malamulo a eBay ku America afuna kuti wolandira asaine. Lisiti la ku positi ofesi lisungeni monga musungira chiphaso cha munda.

Pali msampha wina wofanana nao. Wogula atalipira akulemberani kuti, "Ndasamuka, tumizani ku keyala iyi," kapena, "Ndi mphatso ya mwana wanga, tumizani kwa iye." Mukatero, umboni wanu ufa, pakuti eni msika amayang'ana keyala imene inalembedwa pa nthawi yolipira. Wofuna kusintha keyala muuzeni kuti malondawo athetsedwe, ndarama zibwerere pa njira imene zinadzera, ndipo agulenso ndi keyala yatsopanoyo.

KUBWEZA KATUNDU WINA

Njira iyi ndiyo yopweteka koposa. Wogula anena kuti lamya yafika yosweka ndipo aibweza. Phukusi likafika, mupezamo lamya yache yakale yakufa, kapena bokosi lopanda kanthu, mwinanso mwala. Iye ali ndi nambala yoonetsa kuti phukusi lafika kwa inu, ndipo ndarama zache zibwezedwa.

Pofuna kudzitchinjiriza, konzekani katundu asanachoke. Lamya iri yonse iri ndi nambala yacheyache ya manambala 15 yotchedwa IMEI, imene imaoneka mukaimba *#06#. Wailesi, kamera ndi kompyuta nazo ziri ndi nambala zao. Lembani nambalayo, ijambuleni, ndipo jambulaninso katunduyo mbali zonse pamodzi ndi timikwingwirima tache. Poika m'bokosi jambulani kanema, ndipo kulemera kwa phukusi kulembedwe palisiti. Katundu akabwezedwa, tsegulani phukusi mukujambula, kapena pamaso pa mboni. Bokosi limene linapita lolemera nkubwera lopepuka lidzinenera lokha. Polemba za katundu wanu nenaninso zoona zonse, ngakhale chirema chache, kuti wina asapeze poyambira mlandu.

KUBWEZA NDARAMA KUDZERA KU BANKI

Wolipira ndi kadi ya banki akhoza kupita ku banki yache patapita miyezi, nkukanena kuti malondawo sawadziwa. Nthawi zina ndi bodza, koma nthawi zina ndi zoona, chifukwa wakuba anagula ndi kadi ya munthu wina. Banki imabweza ndaramazo poyamba, ndipo wogulitsa ndiye ayenera kuonetsa umboni. Ndicho chifukwa chache malisiti, zithunzi ndi makalata onse a malonda musawataye msanga. Asungeni miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale kuposa.

MITENGO YABODZA PA MPIKISANO

Akathyali ena amabera pa mpikisano penipeni. Munthu mmodzi akhala ndi maina awiri. Ndi dzina loyamba atchula mtengo wochepa, ndi lachiwiri atchula mtengo waukuru zedi, kotero kuti ogula oona aleka kupikisana. Nthawi itatsala pang'ono kutha, achotsa mtengo waukuruwo, ndipo katundu agwera pa mtengo wochepa uja. Pa eBay anaika malamulo oletsa kuchotsa mtengo mwachisawawa m'maora 12 otsiriza, komabe nzeru ndi kuyamba ndi mtengo umene simungalire nao, kapena kuika mtengo wotsekera umene katundu sangagulitsidwe pansi pache. Yang'ananinso mbiri ya opikisana. Dzina limene latsegulidwa dzulo, lopanda malonda akale, koma lotchula mtengo wodabwitsa, liyenera kukukayikitsani. Dziwaninso kuti kuyambira 2008 wogulitsa pa eBay saloledwa kulemba ndemanga yoipa pa wogula, motero mbiri yoyera ya wogula siitanthauza zambiri.

"TIYENI TIPANGANE PAMBALI"

Pafupifupi atambwali onse ali ndi pempho limodzi: akuti muchoke pa msikawo mukalankhulane pa WhatsApp kapena pa imelo, ati kuti mupewe msonkho wa eni msika. Msonkhowo ulipodi ndipo umapweteka, koma ndiwo mtengo wa chitetezo chanu. Zimene mwapangana pambali eni msika sazidziwa, ndipo sadzakuweruzirani mlandu wache. Mau onse ndi malipiro onse adzere pa msikawo. Ngati wogula adzatenga yekha katundu, kumanani pa malo a anthu ambiri dzuwa lisanalowe, muli ndi mnzanu, ndipo pakhale umboni wakuti walandira. Pa eBay wogula amapatsidwa nambala yoti aonetse wogulitsa pa nthawi yotere.

NANGA IFE A KUNO KUMUDZI?

Wina afunsa kuti, "Ine sindinagulitsepo pa eBay, nanga nkhaniyi indikhudza bwanji?" Ikukhudzani, pakuti machenjerero omwewa anafika kale kuno. Mukalengeza mbuzi, njinga kapena matumba a soya pa Facebook kapena pa WhatsApp, wina akhoza kukutumizirani uthenga wofanana ndi wa Airtel Money kapena wa Mpamba, wonena kuti ndarama zalowa, nakuuzani kuti mnyamata wache ali panjira kudzatenga katundu. Wina anena kuti watumiza zochuluka molakwitsa, mumbwezere. Imeneyi ndi kalata yonama ija ndi cheke chopitirira chija, zangobvala malaya ena. Yang'anani kumene uthengawo wachokera. Ngati wachokera ku nambala ya munthu wamba, ndi wabodza. Funsani nokha ndarama zotsala mu lamya yanu, ndipo nambala yanu yachinsinsi musauze munthu ali yense, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani.

MUKABEDWA

Musachite manyazi ndipo musachedwe. Dandaulani kwa eni msika, ku banki kapena ku kampani ya lamya tsiku lomwelo, muli ndi malisiti ndi zithunzi zanu, pakuti milandu yotere iri ndi masiku ache ndipo wochedwa kuyankha amaluza. Mukatero pitani ku Polisi. M'dziko muno muli lamulo la chaka cha 2016 loona za malonda ndi milandu ya pa makina a intaneti, ndipo kuyambira 2018 nambala za lamya zimalembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wache. Tsono uthenga wa wakubayo musaufufute ai, ndiwo umboni wanu. Uzaninso anzanu a m'mudzi, kuti msampha umene wakola inu usakolenso wina.

Chinthu chimodzi chimene akuba onsewa afanana nacho ndi liwiro. Nthawi zonse amati galimoto inyamuka tsopano apa, mwana adwala, tumizani lero lomwe. Wogula woona amadikira tsiku limodzi osakwiya. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tipempha aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga kuti awerengere anzao nkhaniyi pa misonkhano ya makolo ndi ya makalabu a alimi. Amene muli ndi ana kapena abale ogulitsa malonda kunja, auzeninso mukamalankhula nao pa lamya.