Dzino loikira silibowoka, koma fupa limadyeka

Aliyense amene anazikapo chigafa cha fodya m'mapiri a Dowa kapena Ntchisi amadziwa kuti mzati ukhoza kukhala wolimba, koma mvula ikakokolola dothi patsinde, chigafa chimapendekeka ndithu. Ndi mmene zimakhaliranso ndi dzino loikira lokhazikidwa pa kamsomali ka titanium komwe amakazika m'fupa la nsagwada.

Njirayi inayamba ku Sweden, pomwe dokotala wina, Per-Ingvar Brånemark, anaika zitsulo zotere mwa munthu koyamba mu 1965. Kwathu kuno ndi ochepa amene ali nazo, makamaka oikitsa m'zipatala zolipira za m'tauni kapena ku Joni. Koma chomwe chimazigwetsa tonse timachidziwa: chiseyeye.

Zotsalira za chakudya zikamakanirira m'mbali mwa dzinolo, tizilombo timaswana. Nkhama zimatupa, zimafiira, zimatuluka magazi potsuka. Pamenepa mpata ulipo, dokotala akayeretsa bwino zimachira. Mukazengereza, kutupako kumatsikira pansi n'kuyamba kudya fupa, matenda omwe madokotala amati peri-implantitis. Chondidetsa nkhawa n'chakuti nthawi zambiri sapweteka. Munthu amangomva fungo m'kamwa kapena kuona timafinya, fupa likutha mwakachetechete, mpaka X-ray ndiyo idzaulule.

Zikafika apo, mankhwala otsukira m'kamwa monga chlorhexidine paokha sakwanira. Dokotala amang'amba nkhama, kupala chitsulocho, ndipo nthawi zina amathira zothandiza kuti fupa limerenso pomwe pakumbika. Fupa lotayika silibwerera lonse. Chitsulo chikayamba kugwedera, chimachotsedwa basi.

Amene ali pachiopsezo kwambiri ndi amene anadwalapo chiseyeye, odwala shuga wosasamalidwa, ndi osuta. Apa ndiye pamandikhudza, pakuti kuno fodya ndi amene amalipira sukulu fizi, ndipo chingambwe sichisowa m'thumba la abambo ambiri.

Vuto lina n'lakuti kwathu kuno maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba ku College of Medicine mu 2019 mothandizana ndi University of Glasgow, kotero akatswiri akadali ochepa. Wodwala wa ku Malomo kapena ku Mvera amene chitsulo chake chavuta, ulendo wake ndi wa ku Lilongwe. Choncho musanagulitse ng'ombe kuti mutseke gweru, yambani mwachiza nkhama, ndipo mufunse dokotala kuti adzakuyezaninso liti komanso kuti.