Zithunzi za m'Maiko Ena Zithandiza Ana a Sukulu Kumvetsa Umoyo wa Anzao

Aphunzitsi m'masukulu a ku America, ku Ulaya ndi kwina akhala akugwiritsa nchito zithunzi zojambulidwa m'maiko osiyanasiyana pophunzitsa ana za umoyo ndi miyambo ya anthu a mitundu ina. Limodzi mwa mabuku amene agwira nchito imeneyi kwa zaka zambiri ndi lochedwa Hungry Planet, limene linatuluka mu 2005.

Zithunzi za m'bukuli anajambula ndi a Peter Menzel a ku America, ndipo nkhani zake analemba ndi akazi ao, a Faith D'Aluisio. Awiriwa anayendera mabanja 30 m'maiko 24. Banja lirilonse analijambula m'njira imodzimodzi: makolo ndi ana ali pambali pa cakudya conse cimene amadya pa sabata imodzi. Pa cithunzi ciriconse anaikapo mndandanda wa zakudyazo pamodzi ndi mtengo wake m'madola a ku America.

Popeza funso linali limodzi kwa mabanja onse, mwana angathe kuika zithunzi ziwiri pamodzi ndi kuona yekha kusiyana kwake. Banja la anthu anai la m'tauni ya Bargteheide ku Germany linaononga madola 500.07 pa sabata, ndipo pacithunzi pali mabotolo a zakumwa, nyama ndi zakudya za m'mapaketi zodzaza thebulo. Banja la anthu 6 la pamsasa wa othawa nkhondo wa Breidjing m'dziko la Chad linaononga dola imodzi ndi masenti 23. Patsogolo pao pali matumba a mapira ndi tinthu tina tocepa, ndipo kumbuyo kwao kuli tenti.

Zithunzi ziwirizi zinafalikira kwambiri, makamaka magazini ya Time itaonetsa zina mwa zithunzi za m'bukuli mu 2007. Koma apa mpamene mphunzitsi afunika kusamala. Mwana wa ku Germany akaona ziwirizi zokha, angaganize kuti umu ndi mmene anthu onse a mu Africa amadyera. Mwana wa ku Chipata nayenso angaganize kuti nyumba iriyonse ya ku Ulaya ndi yodzaza tero.

Bukulo limafotokoza zimene maso paokha sangaone. Banja la ku Breidjing silinali la ku Chad. Linali la ku Darfur m'dziko la Sudan, kumene nkhondo inabuka mu 2003, ndipo cakudya cao cambiri cinali ca thandizo. Dola imodzi ija inali ya zinthu zocepa zimene anagula okha. Banja lina la anthu 13 la ku Bhutan linaononga madola 5.03 cabe, cifukwa zambiri zimene limadya linkazilima lokha. Ana a kumudzi sangavutike kumvetsa zimenezi. Banja la ku Lundazi kapena ku Petauke limene liri ndi nkhokwe ya cimanga, nshawa, maungu ndi nkhuku pakhomo lingagule mcere, shuga ndi mafuta ophikira basi, koma zimenezi sizitanthauza kuti likugona ndi njala.

Ngakhale m'dziko limodzi mabanja amasiyana. Ku America anajambulako mabanja atatu: la ku North Carolina linaononga madola 341.98, la ku Texas 242.48, ndipo la ku California 159.18. Mitengo yonseyi ndi ya zaka zimene bukulo linkakonzedwa, osati ya lero.

Pofuna kuti ana asathamangire kuweruza, aphunzitsi ambiri amatsatira njira imene anakonza akatswiri a bungwe la Project Zero pa yunivesiti ya Harvard. Mphunzitsi amayamba waphimba mau a pansi pa cithunzi. Coyamba ana amachula zokhazo zimene akuona. Kenaka amanena zimene akuganiza, ndipo pomaliza amafunsa mafunso pa zimene akufuna kudziwa. Mwana akanena kuti banja la pacithunzi ndi losauka, mphunzitsi amamufunsa cimene waona kuti anene tero. Akayankha kuti cifukwa akudyera pansi, m'kalasi mumabuka nkhani yoti akambirane, pakuti kudya atakhala pansi ndi mwambo m'maiko ambiri, ngakhale m'nyumba zina za anthu opeza bwino ku Japan. Mau ophimbidwa aja amawerengedwa pambuyo pake, ndipo ana amaona okha pamene analondola ndi pamene anangoganizira.

Funso lina limene ana ayenera kulizolowera ndi lakuti cithunzico anajambula ndani, ndipo anasiyapo ciyani. Nkhani imeneyi siinayambe lero. Mu 1955 a Edward Steichen anakonza cionetsero cochedwa The Family of Man ku Museum of Modern Art mumzinda wa New York. Munali zithunzi 503 za m'maiko 68, ndipo colinga cinali kusonyeza kuti anthu onse ndi banja limodzi: amabadwa, amagwira nchito, amakwatira, amalira maliro. Anthu oposa 9 miliyoni anaciona pamene cinali kuyenda m'maiko ambiri. Komabe ambiri mwa ojambula anali a ku America ndi ku Ulaya. Citafika ku Moscow mu 1959, munthu wina wa ku Nigeria anang'amba ndi kugwetsa zina mwa zithunzizo, podandaula kuti anthu akuda anaonetsedwa osavala mokwanira ndi ovutika, pamene azungu anaonetsedwa molemekezeka. Zithunzizi tsopano zimasungidwa ku Clervaux m'dziko la Luxembourg.

Bungwe la Gapminder la ku Sweden linayesa njira ina. Mu 2016 mai Anna Rosling Rönnlund anakhazikitsa Dollar Street, tsamba la pa intaneti limene aliyense angalitsegule popanda kulipira. Nyumba za mabanja a m'maiko ambiri anaziika ngati ziri mumsewu umodzi, osauka kwambiri kumanzere ndipo olemera kumanja. M'nyumba iriyonse anajambulamo zinthu zofanana monga pogona, pophikira, cimbudzi, nsapato ndi cotsukira mano. Mwana akasankha kuona pophikira pokha, amapeza kuti banja la ku China ndi la ku Nigeria amene amapeza ndalama zofanana amaphika m'njira yofananako, pamene mabanja awiri a dziko limodzi angasiyane kutali. Zina zimene anthu amati ndi mwambo wa mtundu wakutiwakuti zimapezeka kuti ndi nkhani ya ndalama cabe.

Pali zinthu zina zimene ziridi za mwambo, ndipo cithunzi pacokha sicingazimasulire. Mwana wa ku London akaona cithunzi ca Gule Wamkulu amaona cigoba kumaso, nthenga ndi fumbi. Sangadziwe kuti guleyu amabvinidwa pa maliro, pa cinamwali ndi polonga mfumu, kapena kuti Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete mwezi wa August pa mwambo wa Kulamba kukalemekeza Kalonga Gawa Undi. Bungwe la UNESCO linazindikira guleyu mu 2005 monga cuma ca cikhalidwe ca anthu onse. Mwana wa ku Katete akaona cithunzi ca mwambo wa ku India kapena ku Peru amakhala m'bvuto lomwelo, ndipo amafunika wina womuuza tanthauzo lake.

Sukulu imene iribe kompyuta ingagwiritse nchito zithunzi za m'nyuzipepala, m'magazini akale ndi m'makalendala, malinga zikhale zingapo za dziko limodzi, za m'tauni ndi za kumudzi, ndipo caka cimene zinajambulidwa cidziwike. Aphunzitsi ena amauzanso ana kuti alembe kapena kujambula cakudya ca kwao ca sabata imodzi. Pa nchito imeneyi ndi bwino kusachula maina a mabanja, kuopa kuti mwana wocokera kunyumba yosowa angasekedwe ndi anzake.