Kodi funde la ku Japan lingafike pa Cairo Road?

Azakhali anu ndabwera ndi funso. Kodi chithunzi chimayenda ulendo? Miyendo chilibe, ndipo basi sichikwera. Komatu chimayenda, ndipo chikafika kwa eni ena chimasintha. Tiyeni tichitsatire.

Chithunzi chake ndi chotani? Tsinzinani pang'ono. Onani funde lalikulu la buluu, ladzuka m'mwamba, lapindika, latsala pang'ono kugwa. Nsonga zake ndi thovu loyera. Pansi pake pali mabwato atatu. Opalasa awerama, agwiritsa mwamphamvu. Kutali uko kuli phiri la Fuji, looneka laling'ono kwambiri. Koma phirili ndi lalitali mamita 3,776! Findeco House ya pa Cairo Road mu Lusaka ndi yaitali pafupifupi mamita 90. Mutasanjikiza nyumba zotero 40, simungafikebe pansonga pa Fuji.

Anachijambula ndani? Ndi gogo wina wa ku Japan, dzina lake Katsushika Hokusai. Chinatuluka cha m'ma 1831, iye ali ndi zaka pafupifupi 70. Anakonza zithunzi 36 zoonetsa phiri la Fuji. Anthu anazikonda kwambiri, ndipo anawonjezera zina 10. Zonse pamodzi zingati? Werengani msanga. Eya, 46!

Nanga anachipenta ndi burashi? Ayi, apa ndiye pokoma. Hokusai ankajambula papepala. Mmisiri wina ankasema chithunzicho pathabwa. Wachitatu ankapaka utoto pathabwapo ndi kudinda pepala. Mtundu uliwonse unali ndi thabwa lake. Akafuna chithunzi china, ankangopakanso utoto ndi kudindanso. Motero zithunzi zinachuluka, zinatchipa, ndipo anthu wamba ankagula. Mukapita ku Kabwata Cultural Village, muonetsetse manja a amisiri osema mitengo. Luso la manja lotero ndi limene linkafunika ku Japan.

Kodi zithunzi zotere zinathera ku Japan komweko? Ayi. Zinakwera sitima zapamadzi mpaka ku Ulaya. Mumzinda wa Paris munali wojambula wochokera ku Netherlands, Vincent van Gogh. Iye anagula zambiri. Chimodzi chinamukoka mtima. Chinali cha Utagawa Hiroshige, cha mu 1857. Chimaonetsa anthu akuthamanga pamlatho, mvula itawagwera mwadzidzidzi. Mu 1887, Van Gogh anachijambulanso ndi penti. Panali patapita zaka zingati? Chotsani 1857 pa 1887. Mwapeza 30? Mwakhoza!

Kodi anangochikopera mmene chinalili? Ayi ndithu. Mlatho anausiya pomwepo, mvula anaisiya. Koma mitundu anaikoleza kwambiri. Madzi a mumtsinje anawapaka penti yokhuthala, mpaka mizere ya burashi ikuoneka. M'mbali monse analembamo zilembo za Chijapani, ngakhale sankadziwa kuziwerenga. Ankangoona kuti ndi zokongola. Chithunzi cha Hiroshige chinabala china chatsopano.

Nanga masiku ano alipo amene amachita zotere? Alipo ambiri. Mmodzi ndi Masami Teraoka. Anabadwira ku Japan mu 1936, kenako anasamukira ku America. M'zaka za m'ma 1970 anayamba kupenta zithunzi zooneka ngati zakale zija. Amayi avala zovala zazitali za makolo awo, tsitsi analimanga bwino. Koma taonani m'manja mwawo: ayisikilimu! Pena pansi pagona hambaga! Mukuseka? Nayenso ankafuna kuti tiseke, kenako tiganize. Ankafunsa kuti, zakudya zachilendo zikafika kwathu, zathu zija zimapita kuti?

Kodi kutengera chithunzi cha wina si kuba? Funso labwino limeneli. Ganizirani nthano ya Kalulu. Agogo anaimva kwa agogo awo. Pokusimbirani inu, amaikamo mawu awo ndi nyimbo yawo. Nthano ndi yomweyo, koma kakomedwe ndi katsopano. Wojambula wabwino amatero. Amatchula mwini chithunzi choyamba, amamulemekeza, kenako amaikamo zakezake. Woipa ndi amene amakopera chonse ndi kunena kuti, “Ndi changa.”

Nanga kwathu kuno tili naye wojambula amene anaphunzira kutali? Tili naye, Henry Tayali. Anabadwira ku Serenje mu 1943. Anaphunzira zojambula ku Makerere ku Uganda, kenako ku Düsseldorf ku Germany. Kumeneko anaona zithunzi zambiri za ku Ulaya. Atabwerera ku Lusaka, maso ake anali pa anthu a kuno kwathu, ochuluka, odzazana, ali pikitipikiti. Ankapenta, ankasema, ndiponso ankadinda zithunzi. Anamwalira mu 1987, koma dzina lake lilipo. Ku Showgrounds kuli nyumba ya zojambula yotchedwa Henry Tayali. Pemphani akuluakulu akutengeni. Mungapitenso ku Lusaka National Museum pa Independence Avenue.

Tsono funde lija lingafike bwanji mu Lusaka, muno mopanda nyanja? Lifika ndi pensulo yanu! Tengani pepala. M'malo mwa Fuji, jambulani Findeco House, kakang'ono, chakutali. M'malo mwa mabwato atatu, ikani ma minibasi atatu, kondakitala atatulutsa mutu pawindo. Nanga funde? Sankhani nokha. Lingakhale madzi a mvula ya mu January, odzaza mumsewu. Lingakhale fumbi la mphepo ya mu August. Lingakhale chitenje chachikulu cha amayi, chouluka kuchoka pachingwe. Lipindeni m'mwamba, likhale lalikulu kuposa zonse.

Kodi mungathe kudinda ngati amisiri a ku Japan? Mungathe, ndi mbatata imodzi yokha. Pemphani wamkulu aidule pakati, chifukwa mpeni si wa ana. Pa mbali yosalala, kandani chilembo choyamba cha dzina lanu ndi kamtengo. Pakani utoto, kapena makala osinja osakaniza ndi madzi pang'ono. Dindani papepala, kenako nyamulani pang'onopang'ono. Mwaona chiyani? Ngati chilembo chanu ndi B kapena K, chatembenuka! Chakumanja chapita kumanzere. Amisiri aja ankadziwa zimenezi, ndiye ankasema chithunzi chonse chotembenuza. Yesani inunso. Dindani kasanu, muone ngati zonse zifanana.

Mukamaliza muchite nazo chiyani? Pansi pa chithunzi chanu lembani mayina awiri. Loyamba la Hokusai, amene anakupatsani nzeru. Lachiwiri lanu, chifukwa minibasi ndi fumbi mwaikamo ndinu. Kenako patsani mnzanu wa m'kalasi, mumuuze ajambule lake potengera lanu. Mukayerekeze Lolemba pa nthawi yopuma, muwerenge zinthu zimene zasintha.