Hutala ikalira, wanjinga alowere kuti?

M'bandakucha pamsewu wa M1, pakati pa Zalewa ndi Lunzu, njinga za makala zimakhala zitandandalika kale kulowera ku Blantyre. Matumba atatu omangidwa ndi linya pakaliyala, katundu wotambalala kuposa mwini njingayo. Kumbuyo kukalira hutala ya thiraki, bambo wopalasayo sacheuka n'komwe, amangokhotetsa handulo n'kutsika paphula. Tsoka lake, m'malo ambiri m'mphepete mwa phula munadyeka ngati chigumu cholumidwa. Tayala likagwera pamenepo ndi katundu wolemera chonchi, limu imapindika, ndipo munthu sasankha kogwera, kaya kuthengo kaya kumsewu.

Chizolowezi chothawa hutalachi chinakhazikika mwakuti anthu ambiri, a kabaza omwe, amayesa ndi lamulo. Kaya ku Salima, ku Nsanje, kaya ku Mzuzu kumene kabaza amamutchanso sacramento, mudzamva mawu omwewo akuti msewu ngwa galimoto, wanjinga amangobwereka.

Lamulo la pamsewu la 1997 silitero. Wopalasa njinga ndi mmodzi mwa ogwiritsa ntchito msewu, ndipo malo ake ndi kumanzere, mbali yomwe galimoto nazo zimayenda. Dalaivala wofuna kumupitirira ayenera kuonetsetsa kuti mpata ulipo. Ngati kutsogolo kukubwera basi, chofunika ndi buleki, osati hutala. Wanjinga nayenso ali ndi zake zoyenera kusunga: mabuleki ogwira, nyali ndi zonyezimira usiku, ndi kutambasula mkono asanakhote. Apa a kabaza ambiri amalakwa, tisawaikire kumbuyo. Kupalasa mumdima utavala jekete yakuda, kapena kugwirira kumbuyo kwa lole pachitunda, n'kudziputira maliro.

Kwina anafika poika muyeso wa mpatawo. M'chigawo cha Western Cape ku South Africa, komwe kuli Amalawi ambiri, kuyambira 2013 dalaivala ayenera kusiya mita imodzi pakati pa galimoto ndi njinga. Ku Britain, malangizo a pamsewu omwe anasinthidwa mu 2022 amanena mita imodzi ndi theka. Yerekezani ndi minibasi ya kwathu kuno yomwe galasi lake la m'mbali limachita kupukuta chigongono cha munthu.

Koma pomwe wanjinga amaluza kwambiri ndi ngozi ikachitika. Anthu amaunjikana, wovulala ali pansi, sipoko zili balala. Dalaivala, ngati sanathawe, amamukokera pambali: "Achimwene, tingokambirana, za apolisizi zingotichedwetsa tonse." Amatulutsa ndalama yogulira limu yatsopano ndi Panado, wovulalayo n'kuthokoza ndi manja awiri. Pakatha masiku atatu bondo latupa, kuchipatala akuti fupa linathyoka, ndipo kwa miyezi ingapo munthu sapalasa. Nambala ya galimoto palibe anailemba.

Chimene wovulalayo wataya n'chachikulu. Dalaivala wochita ngozi amayenera kuima ndi kukanena kupolisi. Galimoto yoyenda pamsewu m'Malawi muno imayeneranso kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu ena omwe ingawavulaze, ndipo wanjinga ndi mmodzi mwa anthu amenewo, pamodzi ndi kasitomala amene anakwezedwa pakaliyala. Lamulo limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwalansiyo mwachindunji, ngati dalaivala ndiye analakwa. Chipepeso chimawerengera ululu, chilema, ndalama za kuchipatala ndi zimene munthu akanapeza akanakhala kuti akugwira ntchito. Koma khothi silimva zakuti "aliyense anaona". Limafuna lipoti la apolisi, lipoti la kuchipatala ndi mboni. Wopanda ndalama ya loya angathe kupita ku Legal Aid Bureau, ndipo asazengereze, chifukwa milandu yotere ili ndi nthawi yake yokasumira.

M'masiteji ambiri a kabaza muli tcheyamani, ndipo mamembala amasonkha ndalama zothandizana pa matenda ndi pa maliro. Tcheyamani yemweyo, mnzawo akagundidwa, angathe kutuma mnyamata mmodzi kuti ajambule nambala ya galimoto pafoni, wina alembe maina a mboni ziwiri, wachitatu aperekeze wovulala kupolisi ndi kuchipatala, zokambirana zisanayambe.