Zipangizo za Asilikali Zikafika M'munda wa Chinangwa

Kawirikawiri mlangizi wa ku Mbamba Bay, m'boma la Nyasa ku Tanzania, amazindikira kuti chinangwa chagwidwa ndi matenda a mizere yofiirira mlimi atazula kale mizu yowola. Chipangizo choona matendawa msanga chikanapulumutsa chakudya cha mabanja ambiri a m'mphepete mwa nyanja. Koma ndani angalipire kafukufuku wake?

Dziko la Amereka linayankha funso lotere m'chaka cha 1982 pokhazikitsa ndondomeko ya SBIR. Lamulo linakakamiza nthambi za boma zogwiritsa ntchito ndalama zambiri pa kafukufuku kupatula gawo, limene linafika 3.2 peresenti mu 2017, kuti lipite kumakampani ang'onoang'ono. Ndalama zoyamba zinali zoyesera ganizo. Zachiwiri, zopangira chipangizo chenicheni. Gawo lalikulu linkachokera kunthambi ya chitetezo, koma phindu lake silinathere kunkhondo: kamera yoona kutentha kwa thupi la mdani usiku imaonanso kutentha kwa tsamba limene latseka timabowo take chifukwa chosowa madzi.

Ku Tanzania, bungwe la COSTECH, lokhazikitsidwa mu 1986, limathandiza kafukufuku ndi ndalama za boma. Komatu pulogalamu ya pa foni yotchedwa Nuru, yozindikira matenda a chinangwa pojambula masamba, inachokera ku PlantVillage ya ku yunivesite ya Penn State mogwirizana ndi IITA, osati kukampani yam'deralo. Ndiponso zizindikiro za matendawa nthawi zina zimabisala pa tsamba. Choncho mlangizi wa ku Mbamba Bay, Nkhata Bay kapena Metangula asaleke kuzula chinangwa chingapo ndi kudula mizu asanalole kuti mitengo yake igawidwe kwa alimi.