Mabatire a Lithium: Moto Wobisika m'Thumba

Alimi ambiri a m'boma la Kasungu akagulitsa fodya wawo ku msika wa Chinkhoma amagulako lamya za m'manja, matochi otchaja ndi tizipangizo tosungira mphamvu ya magetsi totchedwa power bank. Zambiri mwa zinthuzi zili ndi mabatire a mtundu wa lithium. Mabatire amenewa ndi opepuka ndipo amasunga mphamvu yambiri, koma akaonongeka atha kubuka moto woopsa.

Chifukwa chake ndi ichi. M'kati mwa batire muli mbali ziwiri zolekanitsidwa ndi kachikopa kopyapyala koposa pepala, ndiponso muli madzi a mankhwala osachedwa kuyaka. Batire likaphwanyika, likabooka kapena likatenthedwa kwambiri, kachikopa kaja kamang'ambika, mbali ziwirizo n'kukhudzana. Pamenepo kutentha kumakwera msangamsanga, ndipo batire limodzi limayatsa linzake. Moto wotere umaoneka ngati wazima, koma pambuyo pake n'kuyakanso.

M'ndege ngozi yake ndi yaikulu, pakuti m'mwamba mulibe kothawira. Pa 3 September 2010 ndege ya katundu ya kampani ya UPS, imene inanyamula mabatire ochuluka, inagwira moto ndi kugwa ku Dubai, ndipo oyendetsa ake awiri anafa. Mu 2016 bungwe la ICAO, loyang'anira maulendo a ndege pa dziko lonse, linaletsa kutumiza mabatire otchaja a lithium ngati katundu wa malonda m'ndege zonyamula anthu. Pa 28 January 2025 ndege ya Air Busan inapsa isananyamuke ku South Korea. Anthu onse 176 anapulumuka, ndipo ofufuza anapeza zizindikiro zakuti motowo unayambira pa power bank.

Tsono munthu wopita ku Joni kapena kwina, podzera pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kapena la Chileka, ayenera kusunga malamulo awa. Power bank ndi mabatire apadera saloledwa m'sutikesi yokaikidwa kunsi kwa ndege. Akhale m'chikwama cha m'manja, kuti utsi ukaoneka antchito a m'ndege athirepo madzi msanga. Batire losapitirira 100 Wh limaloledwa. Power bank yolembedwa 20,000 mAh ili ndi pafupifupi 74 Wh, choncho imapita. La pakati pa 100 Wh ndi 160 Wh lifunika chilolezo cha eni ndege, ndipo otere sapitirira awiri. Loposa 160 Wh ndi loletsedwa. Makampani ena analetsanso kugwiritsa ntchito power bank m'kati mwa ndege, motero ndi bwino kufunsa pogula tikiti.

Nzeru ya malamulowa ndi yakuti batire likhale poonekera, ndipo nzeru yomweyo ifunikanso kumudzi, kumene madenga ambiri ndi audzu. Lamya isatchajidwe pansi pa pilo kapena pa mabelo, ndipo isasiyidwe padzuwa. Potchajira pakhale patali ndi chigafa, chifukwa fodya wouma sachedwa kupsa, ndipo thukuta la chaka chonse litha kusanduka phulusa usiku umodzi. Batire lotupa, lonunkha kapena lotentha mwachilendo lisagwiritsidwenso ntchito, lisaponyedwe pamoto, ndiponso ana asaliboole ndi msomali.

Aphunzitsi ndi mafumu akupemphedwa kufotokoza zimenezi kwa ana a sukulu ndi pa misonkhano ya m'midzi.