MALUWA A PAKHOMO SAYEMBEKEZA WOJAMBULA

Wolemba: Mtolankhani Wathu

MVULA ikayamba kugwa mu Novembala, makomo ambiri m'Chipata, Katete ndi Petauke amasintha maonekedwe. Pamene panali fumbi lokha-lokha pamaphuka maluwa, ndipo eni ace amafuna kutumiza zithunzi-thunzi kwa abale ao okhala ku Lusaka kapena ku Migodi. Kale munthu anali kugula filimu ya zithunzi 24 kapena 36 ndi kuyembekeza masiku ambiri kuti itsukidwe. Lero lamya ya m'manja icita nchitoyi pomwepo, koma zithunzi zambiri zikali kutuluka zoyera mbuu.

Colakwa cacikulu ndico kujambula masana. Mu Disembala dzuwa la 12 koloko limakhala paliombo, ndipo limagwetsa mithunzi yakuda bii pansi pa masamba. Duwa lofiira limangooneka monga banga la penti. Nthawi yabwino ndiyo m'mamawa 9 koloko isanakwane, mame akali pamasamba ndipo mphepo isanayambe kugwedeza nthambi. Tsiku la mitambo, limene ambiri amaliyesa loipa, ndilo limaonetsa mtundu weni-weni wa duwa.

Palinso cifukwa cina colawirira. Duwa la dzungu limatseguka mbandakuca ndi kufota dzuwa likafika pamutu, ndipo silitsegukanso. Amene agwada ndi kuyang'anitsitsa adzaona kuti maluwa a maungu ali mitundu iwiri: lacimuna liri pa phesi lalitali loonda, lacikazi liri ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwace. Njuci ikapanda kunyamula ufa wacikasu kucokera ku lacimuna kupita ku lacikazi m'mawa womwewo, kadzunguko kamafota ndi kugwa. Ife tiganiza kuti njuci iri m'kati mwa duwa la dzungu iposa kukongola maluwa ambiri ogula. Hibiscus nayenso, mitundu yace yambiri, duwa lace limakhala tsiku limodzi cabe.

Bougainvillea amene ayanga pa mipanda yathu anacokera ku South America. Dzina lace ndi la Louis Antoine de Bougainville, Mfalansa amene combo cace cinafika ku Brazil m'caka ca 1767. Zofiira zimene tiziyesa maluwa ndi masamba cabe. Duwa leni-leni ndi kanthu koyera kali pakati, ndipo pamenepo ndi pamene diso la kamera liyenera kulunjika.

Njira yace si yobvuta. Pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa. Gwadani kuti mulingane ndi duwa, osalijambula muli ciriri. Yang'anani zimene ziri kumbuyo kwace, pakuti ndowa, mbaula kapena zobvala za pacingwe zaononga zithunzi zambiri. Mwana akagwira citenje cakuda kumbuyoko, duwa limaoneka lokha. Gusani pa duwalo pa galasi la lamya, ndipo ngati lawala kopitirira, tsitsani kuwalako pang'ono.

Cenjezo liri pa duwa lija la m'thengo looneka ngati malawi a moto, lochedwa Gloriosa superba, limene limaphuka pakati pa dzinja ndipo ena amalibzala pakhomo. Ku Zimbabwe ndilo duwa la dziko. Mtengo wace wonse, makamaka cinthu conga mbatata ca pansi, uli ndi poizoni wochedwa colchicine amene angathe kupha munthu. Makolo alijambule ndi kuonetsa ana cithunzico kuti alidziwe, ndipo amene waligwira asambe m'manja asanadye.